Wufa ya Adadi ndi Makutu a Esinati

Ndege ikamanyamuka pabwalo la Chileka, magalasi a mawindo a nyumba yathu ankayamba kunjenjemera phokoso lenilenilo lisanafike. Unkaimva kaye m'mapazi, kenako m'mimba, kenako makapu a amayi m'kabati ankagundana pang'onopang'ono. Ife ana a kumeneko tinazolowera, moti sitinkadukiza n'komwe masewera. Koma chilimwe chimene ndinali Sitandade 5, m'nyumba mwathu munalowa chinthu china chogwedeza makapu, ndipo chimenecho sindinachizolowere.

Adadi ankagwira ntchito yokweza ndi kutsitsa katundu m'ndege. Mowa sankamwa, ku mpira sankapita. Chawo chinali nyimbo. Pabalaza panali ampu yakale yokuzira mawu ndi masipika awiri aatali, ndipo mlonda wake ndinali ine. Ndinkapukuta fumbi, ndinkadziwa chimbale chilichonse ndi chikuto chake. Adadi akaweruka ankangoti, "Thoko, tatiikira," ine n'kudziwa kale imene akufuna. Achimwene anga sankaloledwa ngakhale kukhudza.

Mu Okutobala, sabata imodzimodzi, tinalandira alendo awiri. Woyamba anali wufa, chibokosi chakuda cholemera chimene adadi anagula kwa mnzawo wochokera ku Joni. Inafika pa kabaza itamangidwa ndi mphira, ikununkha guluu ndi fumbi la m'nyumba ya eni ake akale. Ntchito yake inali kutulutsa besi yokhayokha, mawu apansi aja amene masipika aatali ankawalephera. Wachiwiri anali msuweni wanga Esinati, mwana wa azakhali a ku Lirangwe. Azakhaliwo, mlongo wawo wa adadi, anali atagonekedwa m'chipatala mtauni, ndiye adadi monga malume anakamutenga Esinatiyo. Tinali a msinkhu umodzi. Anabwera ndi kajumbo ka zovala, miyendo yotuwa, osayankhulayankhula.

Tsiku loyamba adadi anaika wufa pakona n'kutsegula nyimbo ya kwaya imene ankaikonda. Malata analira, chithunzi cha ukwati chinapendekeka pakhoma, mawu a oyimba anamira m'chiphokoso. Amayi anasuzumira kuchokera kukhitchini. "Kodi mwagula chigayo?" Ine ndinaomba m'manja n'kunena kuti zikukoma, chifukwa chilichonse cha adadi chinkandikomera. Esinati anali atakhala pansi pafupi ndi chitseko.

"Amalume, ng'oma ikuchedwa," anatero motsitsa mawu. "Ikubwera pambuyo pa anzake."

Adadi anatembenuka n'kumuyang'ana kwa kanthawi. Anagwada kuseri kwa wufa, pomwe panali timabatani tiwiri topotokola ndi kaswitchi kamodzi, n'kutembenuza kaswitchiko. Esinati anati pano zikuyendera limodzi, koma chibokosicho chikumveka chokha pakonapo. Adadi anamwetulira, n'kumuuza kuti adzuke akhale pa sofa yapakati, moyang'anizana ndi masipika. Pamenepo panali pamalo panga.

Anatifotokozera kuti wufa ikakhala bwino, munthu sadziwa pomwe ili, amangoona ngati masipika aja akula. Ikakwera kwambiri imameza mawu a amuna, ikatsika kwambiri pamatsala mpata pakati, nyimbo n'kumveka yopanda thupi. Khutu lawo lakumanzere linali litafooka ndi phokoso la ndege, choncho ankafuna makutu a wina. Esinati ankayimba kwaya ya ana kwawo ku Lirangwe. Ine sindinkayimba kalikonse.

Kuyambira pamenepo masiku ankayenda mofanana. Adadi akaweruka ankapita kaye kuchipatala, n'kufika kunyumba dzuwa litapendeka, malaya akununkha mankhwala otsukira pansi. Esinati ankawathamangira kugeti kukafunsa za amayi ake. "Akupatsa moni," ankatero adadi. "Tiye tikamve kaye chinthu chija, ndaganiza zina m'njira." Akalowa, adadi ankagwada kuseri kwa wufa, Esinati n'kutsinzina pa sofa, nyimbo yomweyomweyo kubwerezabwereza. Magetsi akathima ankangodikira kuti ayake, ine n'kumasangalala mumtima.

Loweruka lina anachita zimene sindidzaiwala. Adadi ananyamula wufa n'kuikhazika pa sofa penipenipo, n'kunena kuti pamene besi imveke bwino pansi, ndi pomwe aiike. Onse awiri anayamba kukwawa m'mbali mwa khoma, makutu ali pafupi ndi simenti. Anagundana mitu kuseri kwa tebulo, n'kuseka mpaka Esinati anagona chagada. Ine ndinali ndisanawaonepo adadi atagwada, kupatula kutchalitchi. Ndinasiya lichero la nyemba pakhomo, nanenso n'kugwada, n'kukuwa kuti apa pakumveka bwino.

"Thoko, takhala chete pang'ono, msuweni wako amve."

Adadi sanakalipe ayi. Koma mawuwo anandiwotcha kuposa dzuwa la masana amenewo. Ndinakakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri, kudya mango osapsa ndi mchere mpaka mano anachita dzanzi. Besi inkanditsatira konko kudzera m'khoma.

Ndinayamba kumuyang'anitsitsa makutu Esinati tikamasamba m'mawa. Anali makutu wamba, aang'ono, ali ndi ulusi wakuda m'malo mwa ndolo. Kodi anali ndi chiyani chimene anga analibe? Pabalaza pakakhala popanda munthu ndinkakhala pa sofa, kutsinzina monga ankachitira iye, koma ndinkangomva nyimbo basi. Nditadandaula kwa amayi, anangoti ndimusiye, mwana wa eni ali pa mavuto. Ndinaganiza kuti mavuto ake ati, munthu wotenga mpando wanga ndi adadi anga omwe.

Tsiku lina anaipezeradi malo ake. Wufa inali pakati pa kabati ndi sipika yakumanja, itasunthidwa pang'ono kuchoka kukhoma. Makapu anali zii, malata zii, koma ng'oma inkamveka pachifuwa, ndipo mawu a oyimba anaima poyera ngati anthuwo alowa m'nyumba. Ngakhale ine ndinamva kusiyana. Esinati anatsegula maso n'kunena kuti basi, asakhudzenso. Ndinapumira m'mwamba poganiza kuti zatha. Koma mawa lake adadi anafika maso ali ofiira, n'kunena kuti chinachake chasokonekera. Anaikokeranso kwina, ntchito n'kuyambiranso.

Uthenga unabwera m'mawa wina mvula yoyamba itagwa, dothi likununkha, ngumbi zili mbwee pabwalo. Azakhali anali atatisiya. Tinapita ku Lirangwe pa lole, tikudutsa minda ya mizere yonyowa imene anthu anali atayamba kubzala chimanga. Esinati anakhala pakati pa amayi ambirimbiri, atafunda chitenje chachikulu chomupitirira. Maliro atatha, akuluakulu anagwirizana kuti atsale konko ndi amayi ake aakulu, pafupi ndi munda wa malemu. Pobwerera ndinakhala pambali pa adadi, ndipo zimene zinali m'mutu mwanga ndi sofa yapakati.

Patapita masiku ndinakhalapo n'kuwauza adadi kuti lero womvetsera ndikhale ine. Adadi anakankhira wufa pamalo paja pakati pa kabati ndi sipika, anapotokola timabatani osatsegula n'komwe nyimbo, n'kunena kuti ili bwino pomwepo. Sinasunthenso mpaka tinasamuka m'nyumbamo. Nsanje yanga inakula kuposa kale, poona kuti Esinati wandiposa ngakhale palibe.

Ndinali nditakwatiwa kale pamene amayi anandiuza kuti madokotala anawauza adadi msanga kuti mlongo wawo sadzatuluka. Tsiku lililonse ankatsika minibasi osadziwa chimene akamuyankhe mwana uja pageti. Esinati lero akuphunzitsa ku Mdeka, ndipo ulendo wina nditamuchezera ndinamufunsa ngati ankadziwa.

"Ndinkadziwa," anatero. "Ndinkangowauza kuti besi yachuluka, kuti akagwade kuseri kuja. Ndinkaopa kuwaona akulira."

Nthawi ija ndinkaona kuti adadi asankha mwana wa makutu abwino n'kundisiya ine. Makutu anali nawodi, zimenezo sindikana. Koma tsopano ndikudziwa kuti ndinkaima pakhomo paja kusirira anthu awiri amene ankabisirana imfa, ndipo mwa ife ana awiri, amene anali ndi makolo onse m'nyumbamo ndinali ine.