Tikiti Imene Amayi Aakulu Analetsa

Amayi aakulu, a Vasundhara, ndi akulu awo a mayi anga. Amakhala kuseri kwa msika wa tsabola ku Tenali, ndipo ntchito yawo ndi kupanga achali. Zala zawo zinachita kufiira mpaka kalekale. Banja lililonse limene mwana wake akupita kukaphunzira kunja limafika pakhomo pawo, chifukwa amadziwa kumata mapaketi kuti mafuta asatayikire m'sutikesi. Akamagwira ntchito salankhula. N'chifukwa chake kuyambira ndili wamng'ono ndimakonda kukhala pakhonde pawo, poti palibe amene amandifunsa chimene ndakhalira chete.

Mwana wawo ndi mmodzi, achimwene a Sudhakar. Nawonso anaphunzira ku Amereka. Atangomaliza maphunziro, bambo awo anamwalira, ndipo kwathu mwana wamwamuna ndiye amayatsa moto wotenthera mtembo. Amayi aakulu anaimba foni akulira, a Sudhakar n'kukwera ndege asanapemphe chilolezo chogwira ntchito chimene omaliza maphunziro amapatsidwa. Ankaganiza kuti atumiza pempholo ali kuno. Maliro atatha anauzidwa kuti pempholo munthu amapereka ali m'dzikomo, ndipo nthawi yake inali itadutsa. Sanabwererenso. Lero amakonza mapampu a madzi m'minda ya mpunga, ndipo nkhaniyi pabanja pathu sitiitchula.

Chaka chatha ukwati wanga unakonzedwa. Wansembe anasankha tsiku labwino, ndipo linagwera nthawi imene achimwene anga enieni, a Phanindra, amene timawatcha Phani, ankamaliza maphunziro awo ku Amereka komweko. Pa ukwati mlongo wa mkwatibwi ndiye amathira mbuliwuli za mpunga m'manja mwake kuti aziponye pamoto. Ine ndinkalakalaka kuti akhale iwowo. Bambo ndiye anali atauza kale akuchimuna kuti mwana wawo wa ku Amereka adzakhalapo.

Tsiku lina m'mawa ndinapita ndi Bambo kukaitanitsa achali wa paphwando. Tinapeza Amayi aakulu akuyanika mango pamphasa. Bambo ananena monyadira kuti mawa akugula tikiti ya Phani, adzakhala sabata imodzi n'kubwerera.

Amayi aakulu anafunsa ngati chilolezo chake chogwira ntchito chatuluka. Bambo anati zimenezo ndi za pakompyuta, mnyamatayo adzatumiza ali pakhonde pathu akumwa khofi.

"Alamu, inu mumadziwa mtengo wa thonje, ine ndimadziwa mchere wa achali. Za ku Amereka tonse ndife mbuli. Kodi mwanayo wafunsa kusukulu kwake?"

Bambo anaseka. "Mayi a Sudhakar, mwayamba liti ntchito ya kazembe? Kapena ofesi yanu ili mumtsukomu?"

"Ofesi yanga ikukonza mapampu ku Kollipara," anayankha osadzutsa mutu. "Ndinamuitana ndine."

Ndinali ndisanawamvepo akunena zimenezi. Bambo anayang'ana pansi, kenako anayamba kudandaula za akuchimuna, kuti adzati pakhomo pathu palibe mwambo, ndiponso tsiku la wansembe silisunthika. Amayi aakulu sanatsutse. Anangopempha kuti tikiti idikire kaye mpaka Phani atapita ku ofesi ya pasukulu yothandiza ophunzira akunja, akafunse yekha ndi pakamwa pake, osati kumvera anzake a m'chipinda. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Sravani, ukwatiwu ndi wako. Mlongo wako sangakanire bambo ake. Iwe wekha ndiye ungamumasule."

Ine foni ndimaiopa, ngakhale poyankhula ndi abale. Koma Amayi aakulu anandipatsa yawo, yonunkha adyo, n'kupitiriza kutembenuza mango ngati kuti palibe chikuchitika. Achimwene atayankha ndinangoti asagule kanthu, apite kaye akafunse. Anati nawonso mtima sunali m'malo, koma ankaopa kuti ndidzawasungira chakukhosi moyo wanga wonse.

Anapitadi. Mayi wa mu ofesiyo anawauza kuti apereke pempho ali komweko nthawi isanathe, pepala la kusukulu likhale latsopano ndi losainidwa, asayambe ntchito iliyonse chilolezo chisanafike, ndipo kutuluka m'dzikomo yankho lisanabwere n'kudziika pangozi. Anapezanso kuti achimwene analemba adiresi ya nyumba imene ankafuna kusamukamo mwezi womwewo. Akanapanda kufunsa, yankho likanapita kwa eni nyumba akale. Motero tikiti ija sinagulidwe.

Bambo anakhala masiku angapo osalankhula ndi Amayi aakulu. Amene anapita kwa akuchimuna ndi Amayi aakulu omwewo, atanyamula mtsuko wa achali wa masamba owawasa a gongura. Anafotokozera apongozi anga nkhani ya a Sudhakar yonse, imene anaibisa zaka zonsezi, ndipo anawakumbutsa kuti mwana wa mkulu wake wa mayi ndi mlongo ndithu. Apongozi anga akuti analawa achaliyo, n'kunena kuti mbuliwuli sizifunsa pasipoti.

Pa tsiku la ukwati a Sudhakar anabwera atavala zoyera, m'zikhadabo muli girisi amene sopo analephera kuchotsa. Foni anaiimika pa mtsuko wamkuwa kuti achimwene a Phanindra aziona. Pothira mbuliwuli m'manja mwanga anandinong'oneza kuti ndisanjenjemere, ndingatayire wansembe pamiyendo. Ndinaseka pamaso pa anthu onse aja, chinthu chimene sindinkadziwa kuti ndingathe. Amayi aakulu anaima kumbuyo, pakuti amasiye sakhala kutsogolo pa ukwati, koma ndinawaona akupukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu yawo ya sari.

Chilolezo chinatuluka mvula itayamba. Bambo anapita okha kukauza Amayi aakulu, ndipo anabwerako atagula achali amene sitinkamufuna n'komwe.

Panopa makolo akabwera kudzamatitsa mapaketi, Amayi aakulu amawafunsa kuti mwanayo amaliza liti, ndiponso ngati pabanjapo pali ukwati umene ukubwera kapena nkhalamba yodwala. Ena amakhumudwa nalo funsolo. Iwo amangowauza kuti nthawiyo ikadzafika, asadzaimbe foni akulira mwanayo asanafunse kusukulu, kenako amamata paketi ina.