Injini Yakuda ya Abambo

Lachisanu, 12 Juni 1936

Ndinadzuka tambala asanalire, ndipo mumtima mwanga munali ukali woposa chisoni. Ndikulemba monga zinalili chifukwa kope ili ndi langa ndekha. Amayi anali chikhalire kumutu kwa abambo, pomwe anakhala usiku wonse. Azimayi a mpingo amene anachezera kuimba anali atagona mothithikana, ena atafunda ziguduli zomwe amavala pothyola tiyi. Panja chiperoni chinali chitatsika. Mizere ya tiyi siinkaoneka, fakitale yomwe siinkaoneka.

Abambo anali mmisiri wa malata ku fakitale, womata mtovu m'mabokosi a tiyi. Bwana wa esiteti ino, amene antchito amamutcha Ndevuzamoto, kwawo ndi ku Ayalandi. Zaka zisanu zapitazo anaonetsa abambo chithunzi cha sitima ya kwawoko n'kufunsa ngati angapange yaing'ono yofanana nayo. Abambo anapanga. Anadula zitini za palafini, mawilo anaumba ndi mtovu m'zikombole za dongo, sipuling'i anachotsa m'wotchi yakufa. Itayenda yoyambayo, bwana anafuna yachiwiri. Lero zilipo injini zisanu ndi ziwiri, zonse zobiriwira, ndi mabogi ake, ndi njanji yozungulira maluwa kutsogolo kwa nyumba yaikulu. Alendo akabwera kuchokera ku Limbe, bwana amawauza kuti zonsezo zinabwera pa nyanja kuchokera ku Ayalandi. Ndinamva ndi makutu anga tsiku lina ndili patchuthi cha sukulu, nditapititsa chakudya cha abambo. Iye sanaganize kuti mwana wa mmisiri angamve Chingelezi. Nditawauza abambo, anangoseka. Patchuthi chomwecho anandipempha kuti ndiwaphunzitse kulemba dzina lawo, ndipo tinkalemba ndi khala pa khoma la kuseri.

Masabata awiri apitawo mvula inagumula njanji ya bwana. Abambo anali chigonere ndi chifuwa, koma bwana ali ndi alendo mawa Loweruka, choncho anatuma anthu kudzawadzutsa. Masiku atatu anagwada pa udzu wonyowa, kuwongola tinjanji ndi kukhoma timilatho. Tsiku lachitatu anabwera nawo atawagwirizira. Anamwalira dzulo m'mamawa, ine ndili m'njira kuchokera kusukulu ya atsikana ku mishoni. Sindinawapeze.

Kutayamba kuyera, azakhali anakoleza moto kuseri kwa nyumba. Nkhuni zinali zonyowa, utsi unangoyenda pansi n'kulowa m'maso mwa aliyense. Anatereka nandolo, ndipo agogo ena a ku Kapichi anabwera ndi mphika wa nyemba za kalongonda zimene anayamba kuziphika dzulo. Ine anandituma kumadzi kawiri. Anthu ankandigwira dzanja n'kunena kuti ndilimbe mtima, ndipo ndinkayankha mwaulemu, koma maganizo anga anali pansi pa bedi la abambo.

Pansi pa bedipo panali injini yachisanu ndi chitatu, yakuda. Imeneyo siinachokere pa chithunzi. Loweruka lililonse akaweruka, abambo ankayenda wapansi mpaka ku Luchenza kukaona sitima yeniyeni imene imanyamula tiyi wathu. Ankakhala pa mulu wa malasha n'kumaiyang'ana. Wosonkhezera moto wina anawalola kuyeza wilo ndi luzi, ndipo misomali ya pamimba pake ankaiwerenga poponya nyemba m'chipewa. Sanakwerepo sitima chibadwire. Zitini zake anawapatsa mnzawo wa Chisilamu wa sitolo ya pamsika, sizinali za esiteti ayi. Anaipanga chaka chathunthu pakhomo pano, yotalika ngati mkono wanga, ya mawilo asanu ndi atatu, chumuni chake chopindika pang'ono monga chilili chenichenicho. Bwana atamva za iyo anati ibwere, aipake utoto wobiriwira ndi kuipatsa dzina la kwawo. Abambo anachotsa wilo limodzi n'kulibisa. Akafunsidwa ankangoti, “Siinathe, bwana.” Miyezi inayi yankho linali lomwelo.

Dzuwa silinatuluke, koma anthu anabwera. A ku Chimaliro anafika matope ali m'mawondo. A ku Khwethemule anabwera ndi nkhuni zouma pamutu atazifunditsa masamba a nthochi. Anzawo a ku fakitale anawapatsa chilolezo mpaka belu la masana lokha, choncho ankangocheukira kumtunda. Mwini sitolo uja anabwera ndi nsalu yoyera, nakhala payekha pansi pa mtengo wa mapeyala, misozi ikutsikira m'ndevu. Nkhalamba zina zinayamba kulira m'Chilomwe, kutchula midzi ya kutsidya kwa malire kumene abambo anachokera ali mwana.

Kenako anafika a kapitawo a pa esiteti, amuna awiri akuwatsatira ndi matabwa. Bwana anatumiza matabwa a mabokosi a tiyi okanidwa kuti tikhomere bokosi la maliro. Anthu anayamika. Ine ndinawerenga zimene zinadindidwa pa thabwa limodzi, zilembo zakuda za Chingelezi zonena kuti katunduyu asungidwe pouma. Ndinadziluma lilime mpaka kumva magazi.

A kapitawo anavula chipewa, napepesa amalume, kenako anatsitsa mawu. Koma ndinali pafupi, ndikutsuka mbale.

“Bwana akuti kasitima kaja ndipite nako lero. Alendo ndi mawa.”

“Mwini wake ali m'nyumbamo,” anatero amalume. “Lowani mukam'pemphe.”

“Achimwene, ine ndine wotumidwa chabe. Mukudziwa kuti nyumbayi ili pa malo a esiteti.”

“Tikabwerako kumanda,” amalume anayankha, maso ali pansi.

Mawu amenewo ndinawamvetsa. Amalume ali ndi ana asanu, ndipo nawonso nyumba yawo ili pa malo omwewa. Tikabwerako kumanda akanaipereka. Mawa ikanayenda pakati pa maluwa, pa njanji yomwe inapha abambo, ndipo bwana akanati nayonso inabwera pa nyanja.

Adzukulu anabwerako kokumba manda ali dothi lokhalokha, akuseka monga amachitira. Wamkulu wawo, bambo wamfupi wopanda mano akutsogolo, anaima pakhomo n'kufuula kuti m'nyumba yatsopano ya mmisiri mwatha kuzira, tsopano akufuna mbale ndi chikho. Kwathu kuno mbale ndi chikho cha womwalira amaziika pamwamba pa manda, ndipo amayamba aziboola kuti zikhale zake mpaka kalekale. Chinthu chikaboolodwa pamanda palibe amachikhudza, ngakhale mbala yotheratu. Mkulu wa mpingo anatsokomola n'kunena kuti malemuwa anali obatizidwa. Mdzukuluyo anati, “Obatizidwa sadya, abusa?” Anthu anaseka mobisa, ndipo azakhali anatulutsa mbale.

Ndiyenera kuvomera kanthu pano. Chaka chatha ndinalemba chimangirizo chodzudzula mwambo umenewu, ndipo dona wotiphunzitsa kusukulu anachiwerenga pamaso pa kalasi yonse. Ndinanyada kwambiri tsiku limenelo. Lero nditamva mbale ija ikulira m'manja mwa mdzukulu, ndinasiya zotsuka n'kulowa m'nyumba.

Akukhoma bokosi, ndinagwada, ndinakoka injini pansi pa bedi, ndinaikulunga m'bulangeti lakale. Ndinatenganso chiboolero cha abambo m'thumba la zida. Nditatembenuka ndinapeza amayi akundiyang'ana. Ndinadikira kuti andiletse. Iwo anamasula mfundo ya pa nsonga ya chitenje chawo, natulutsa kanthu, nandifumbatitsa. Linali wilo lija. Ndinalilowetsa m'malo mwake monga ndinkaonera abambo akuchitira, ndipo linakhala bwinobwino. Kenako amayi anandithandiza kubereka injiniyo kumbuyo, namanga chitenje pachifuwa panga, nafunditsa nsalu ina pamwamba ngati mmene timatetezera khanda ku mphepo.

Tinanyamuka mvula yowaza ikugwa. Amuna anasenza bokosi mosinthana, azimayi tinatsatira tikuimba. Njira ya kumanda imadutsa pakati pa tiyi amene angomudulira kumene, ndipo timitengo take tinkakola zitenje. Imadutsanso kumunsi kwa nyumba yaikulu. Pakhonde panalibe munthu, koma ndinaona kamlatho koyera ka njanji pakati pa maluwa, katsopano, kowongoka bwino. Chumuni cha injini chinkandibaya pamsana pa phazi lililonse, ndipo ndinakondwa kuti chikundibaya. Mayi wina wachilendo anandigwira phewa nati, “Mwanayu ndi wofatsa bwanji, chichokere sanalire.” A kapitawo ankayenda kumbuyo kwathu ndi ambulera.

Kumanda mitengo inkadontha madzi. Mkulu wa mpingo anawerenga mawu, tinaimba, bokosi linatsika. Thabwa la zilembo lija linali pamwamba, ndipo dothi loyamba linagwera pomwepo. Amayi anagwa pansi, azakhali anawagwira. Ine sindinalire. Adzukulu ataumba mtumbira, wamkulu uja anaika mbale ndi chikho kumutu, naziboola ndi msomali. Mkulu wa mpingo anayang'ana m'mitengo ngati akufuna mbalame.

Pamenepo ndinatuluka pakati pa azimayi, ndinagwada, ndinamasula chitenje. Anthu ataona chimene ndinabereka, nyimbo inaduka. Anzawo a ku fakitale anasendera pafupi. Ambiri anali atangomva mbiri yake, ndipo wina anati, “Ndi ya ku Luchenza yeniyeni iyi, onani chumuni.” Ndinaipukusa ndi kiyi wake n'kuinyamula m'mwamba kuti aone mawilo onse asanu ndi atatu akuzungulira. Inalira tiki-tiki-tiki mpaka sipuling'i inatha. Ndinaikhazika pa mtumbira, mutu wake kuloza ku Luchenza.

“Iwe mtsikana!” a kapitawo anakuwa. “Katundu wa bwana ameneyo!”

“Abambo ankati siinathe,” ndinayankha. “Lero yatha.”

Ndinaika chiboolero pamimba pake, ndipo mdzukulu wamkulu anandipatsa mwala. Ndinakumbukira nyemba zija m'chipewa, ndi zala za abambo zopsa ndi mtovu, ndipo ndinatsala pang'ono kuleka. Kenako ndinakumbukira udzu wonyowa. Ndinamenya katatu. Lata linabooka, sipuling'i inaduka m'kati ndi kulira ngati waya wa bangwe.

Mdzukuluyo anapatuka, natambasula dzanja mwaulemu wonyoza. “Nayotu, a kapitawo. Tengani. Ili pamutu pa mnzanu, ingoweramani.”

A kapitawo anayang'ana injini, anayang'ana anthu. Iwonso amayi awo agona m'manda omwewa, ndipo mphika wawo wobooka ukadali pomwepo. Anapinda ambulera yawo, mvula ikuwagwa pamutu, nabwerera m'mbuyo. Belu la masana linalira kumtunda, koma a ku fakitale sanathamange. Anadikira mpaka tonse titasamba m'manja pa mtsinje.

Pobwerera a kapitawo anandipeza panjira. Sanakalipe. Anati iwo sakanena nkhaniyi, popeza Chingelezi chawo n'chochepa pa mlandu wotere. Anati ndikafotokoze ndekha mawa m'mawa ku nyumba yaikulu, ine wophunzira. Amalume atamva anagwira mutu. Anati ndawaotchera nyumba amayi anga, ndipo mwezi uno usanathe tidzaona katundu wathu ali pamsewu. Mwina akunena zoona. Amene anayankha ndi amayi, mawu awo oyamba chiyambire dzulo.

“Achimwene, tinachoka kutsidya wapansi, ine ndili ndi mtolo pamutu. Akatithamangitsa, ku Chimaliro ndi pafupi.”

Tsopano kwada. Anthu akutali apita, azakhali agona pafupi ndi amayi, moto wa kuseri wazima. M'nyumba muli zii. Pansi pa bedi paoneka malo oyera pamene injini inkakhala, fumbi litazungulira. Thumba la zida lili pa msomali wake. Kumanda ndinatchera khutu kuti mwina sitima yeniyeni ilira, koma siinalire. Yalira posachedwapa, kutali, mphepo itatembenuka, ndipo ndi pamene ndalira ine.

Kusukulu amatiphunzitsa kuti kubwezera n'kwa Mulungu. Ndapemphera kuti andichotsere ukaliwu, koma sunachoke, ndipo sindinama kuti ndinapempha ndi mtima wonse. Ndikufunabe kudzakhala mphunzitsi. Ngati atandichotsa sukulu chifukwa cha mawa, ndidzaphunzitsa pansi pa mtengo ku Chimaliro, ndi khala, monga ndinaphunzitsira abambo.

Pali chinthu chimodzi chimene bwana sakudziwa. Abambo atadziwa kulemba, injini iliyonse ikabwera kudzakonzedwa ankaitembenuza n'kuzokota ndi nsonga ya msomali kunsi kwake, pakati pa mawilo. Zonse zisanu ndi ziwiri zili ndi dzina lawo, YOHANE, ndipo N wake ndi wotembenuka, chifukwa chilembo chimenecho chinawakanika mpaka imfa.

A kapitawo anati ndipite m'mawa. Sindipita m'mawa. Ndachapa diresi langa la sukulu, ndaliyanika m'nyumba. Ndidzadikira mpaka galimoto za ku Limbe zitafika, alendo atakhala pakhonde ndi makapu awo, sitima zikuzungulira maluwa. Ndidzaima pa udzu pamene abambo anagwada, ndidzapereka moni m'Chingelezi chabwino, ndipo ndidzauza bwana kumene kuli injini yakuda, kuti akaitenge yekha ngati akuifuna. Kenako ndidzapempha mlendo amene adzakhale pafupi ndi njanji kuti anyamule injini imodzi, iliyonse imene angasankhe, aitembenuze, awerenge mokweza.