Kasikiripiti ka alamu anga kanafufuta mawu a mayi

Mwina mudziti ndikukometsera, koma izi ndinaziona ndi maso angawa, m'nyumba mwanga momwe ku Balga, kunja kwa dziko kuno, nthawi ya kolona malire atatsekedwa.

Mayi anga anamwalira kumudzi ine ndili kuno kusamalira okalamba a eni ake, moti maliro ndinangowaonera pa vidiyo imene mng'ono wanga ananditumizira. Vidiyoyo, pamodzi ndi mauthenga a mawu amene mayi ankanditumizira ali moyo, ndinazisamutsira mu laputopu poti foni inkadzaza. Laputopu yomweyo inkasunganso mapemphero amene mpingo wathu unkajambula, ndiye nayonso malo anatha.

Apa m'pamene analowererapo alamu anga, akulu awo a bambo a kunyumba, munthu wodziwa zonse uja amene sasowa pabanja. Anati analemba okha kasikiripiti, kapulogalamu ka pakompyuta kofufuta mavidiyo akale a mpingo, ndipo kwawo kamagwira bwinobwino. Anakaika mu laputopumo, n'kudina, n'kulowera kukhitchini kukadzithirira tiyi.

Ine ndinatsala ndikuyang'ana. Mafoda anayamba kuzimiririka, zithunzi za ana, za ukwati wathu, kenako foda ya mayi. Ndinazula chingwe kukhoma ngati wamisala, koma chinthucho chinangopitiriza ndi batire.

Mukudziwa zimene ananena atabwera, kapu ili m'manja? Anati dzina la foda yoti ifufutidwe limakhala m'kamalo kamene amati valiyebo, kwawo anakadzaza kalekale koma kwanga kanali kopanda kanthu, ndiye sikiripitiyo posapeza dzina inangoyamba kusesa chilichonse. Anawonjezera, uku akuuzira tiyi, kuti mzere umodzi m'sikiripitimo woyamba waona ngati m'kamalomo muli dzina ukanaletsa zonsezi. Mzere umodzi, munthu akuudziwa, n'kuchita nawo ulesi? Pepani sanatuluke pakamwa pawo, m'malo mwake anati wolakwa ndine posasunga zinthuzo pawiri. Zinandinyansa.

Ndinaimbira mng'ono wanga, koma vidiyoyo anali ataifufuta kale, kafoni kake sikasunga zambiri.

Lero ndimakhulupirira kuti makina alibe nkhanza, amangomvera, woopsa ndi munthu wodzimva. Wina akadzati akuyeretsereni kompyuta, mufunseni kaye kuti dzinalo likasowa chichitike n'chiyani, ndipo akaseka mulandeni kompyutayo. Ana anga akandifunsa m'Chingerezi chawocho kuti agogo ankalankhula bwanji, ndimayesa kuwatsanzira ndekha, koma sizifanana.