Milu Itatu ya Semu

Mkulu wanga Semu ankaphunzitsa ana ku Nsadzo, m'kanyumba kaudzu ka amishoni. Sanali pulofesolo, mphunzitsi weniweni, anali wothandizira chabe, koma ntchitoyo inkamuteteza. Asipayo, apolisi a Apwitikizi, akabwera kudzagwira amuna a chibalo, ntchito yokakamiza ija, khomo lake ankalidumpha.

Mu 1956 padiri, wansembe wa pamishoni, analengeza kuti othandizira onse akalembe mayeso, amene tinkati ezame, ku Chifunde, ndipo wolephera achotsedwa. Semu ankadziwa kumene wochotsedwa amathera: ku minda ya nzimbe, kumunsi kwa Zambezi. Anayamba kuwonda.

Chipwitikizi ankachidziwa bwino. Chimene chinkamuopsa ndi masamu a alijebula, makamaka mapolinomiyo. Anapita kwa Raimundo, mnansi wathu amene anathamangitsidwa ku seminale, sukulu ya unsembe. Raimundo analemba padothi ndi kamtengo: 2x² + 3x + x² + 4.

"Phatikizani, achimwene."

Semu analemba 10x.

"Mwaphika chiyani apa?" anatero Raimundo. "Tinene kuti x ndi chingwe choyezera. Ndiye x² ndi munda, mbali iliyonse chingwe chimodzi. Minda iphatikizeni ndi minda inzake, zikhale 3x². Zingwe zisiyeni pazokha, 4 nayenso payekha."

"Yankho n'kukhala 3x² + 3x + 4? Milu itatu?" anafunsa Semu. "Mkazi wanga Yudita ataona ndasiya chimanga chotero m'munda angandiseke."

"A Yudita sakalemba nawo ezame."

Kwathu munthu sapereka kwa wamkulu ntchito yomwazika. Semu anakula nazo zimenezo, komabe anadzikakamiza mpaka anazolowera kusiya miluyo.

Za tsiku la ezame anandiuza yekha. Mafunso anali a mtundu womwewo, ndipo anawayankha molondola. Mzungu woyang'anira anaima kumbuyo kwake, nayang'ana pepala, nati, "Basi?"

Mwina ankangofuna kutenga pepalalo. Semu anamva ngati wamkulu wamupeza atasiya ntchito pakati. Anafufuta, nayamba kuunjika yankho lililonse mulu umodzi.

Mzunguyo anaona mayankho olondola akufufutidwa, koma sanamuletse. Sindinamukhululukire. Raimundo nayenso ndili naye mlandu: anakhala ndi azungu zaka zambiri, koma sanauze Semu kuti mzungu akafunsa chotero, munthu angathe kungoyankha kuti inde.

Semu analephera ezame nachotsedwa ntchito, ndipo asipayo anabwera kudzamutenga mvula isanagwe. Yudita anabzala yekha chaka chimenecho ndi chotsatira. Semu anabwerako akutsokomola, ndipo m'kanyumba kaudzu muja anapeza muli mphunzitsi wina. Anasamukira ku Mualadzi, kwa mkazi wake, nalima chimanga mpaka chifuwacho chinamutenga.