Nsalu Yamizeremizere Imene Ndinamusokera

Ine ndili ndi matenda okonzera anthu zinthu asanandipemphe. Mayi anga ankati pakamwa panga pamathamanga kusiya mutu m'mbuyo. Matenda amenewa ndi amene anandigwetsa m'manyazi chaka cha 2008, ndikugwira ntchito panyumba ina yosamalira okalamba ku Lewisham, mumzinda wa London.

Pantchitopo panali mayi wina wamfupi, wosalankhulalankhula, wochokera ku Bhutan. Ndinkamuposa ndi zaka khumi ndi zisanu. Ankanditchula kuti "didi", mawu a m'chilankhulo chawo otanthauza mkulu wanga. Ang'ono anga enieni ndinawasiya ku Zomba, ndipo mu London monse panalibe wina wonditchula ndi mawu achibale. Ndinkati ndikamva "didi" kuchokera kumapeto kwa khonde, kutopa kwa shifiti kunkachepa. Sindinkafuna kutaya mawu amenewo.

Ubwenzi wathu unayambira pa tsabola. Tsiku lina pa chakudya chamasana ndinatulutsa kabotolo ka kambuzi n'kumuchenjeza kuti ameneyu sasewera naye. Iye anatapa supuni yodzaza, n'kuthira pampunga wake, n'kudya osatuluka ndi thukuta lomwe. Anandiuza kuti kwawo tsabola ndiye ndiwo yeniyeniyo.

China chimene chinandikoka n'chakuti dziko lake anthu sankalidziwa, monganso langa. Ndinali nditatopa kuuza azungu kuti Malawi si Mali. Choncho ndinapita kulaibulale kuti ine ndisakhale mbuli ngati iwo. Ndinawerenga kuti Bhutan ndi kadziko kopanikizika pakati pa India ndi China, kopanda doko ngati kwathu. Mapiri ake ndi oti Mulanje angaoneke ngati chulu, ndipo nyumba zopemphereramo Abuda anazimanga m'maphompho. Miyezi yomweyo nyuzipepala yaulere ya m'sitima inalemba kuti mfumu yawo inatula yokha udindo n'kusiyira mwana wake, kuti anthu ayamba kuvota, ndiponso kuti boma lawo limasamala za chimwemwe cha anthu kuposa chuma. Ine wokulira pansi pa pulezidenti wamuyaya ndinagoma.

"Koma muli ndi mfumu kwanu," ndinamuuza tikuyala pabedi. "Kwathu mpando anachita kulanditsa."

"Amatero," anayankha, n'kupitiriza kukoka shiti.

Ndinaganiza kuti n'kudzichepetsa chabe.

Kenako manijala wathu analengeza kuti kudzakhala tsiku la zikhalidwe, aliyense adzavale zakwawo kuti agogo athu asangalale. Mnzangayo anati iye alibe chovala chotero, adzabwera ndi yunifolomu. Zinandipsetsa mtima. Ndinali nditaona m'buku chovala cha akazi akwawo chotchedwa kira, nsalu yaikulu yamizeremizere yofika m'mapazi, yomanga ndi zomangira ziwiri m'mapewa ndi lamba m'chiuno.

"Ukuchita manyazi ndi kwanu?" ndinamufunsa.

"Ayi, didi. Kungoti ndilibe."

Kwa ine "ndilibe" linali vuto loti ndithetse. Ndinapita kumsika n'kusankha nsalu yochindikala, yofiira ndi yachikasu, zomangira ziwiri zonyezimira ndi lamba. Ndinalumikiza zidutswa zitatu pamakina anga, buku lija lili lotsegula pambali. Ndinauza manijala kuti tidzakhala ndi chovala cha ku Bhutan, ndipo iye analemba zimenezo pachikwangwani cha pakhomo. Ndinauzanso aliyense amene anali ndi makutu.

Mnzathu wina wa ku Zambia anandikokera pambali. "Imwe amai, mwamufunsa mwine wake? Olo ni ma plan yanu chabe?"

"Ndi sapulaizi," ndinatero.

Anangopukusa mutu n'kukankha tirole yake.

Tsikulo linali Loweruka masana. Ine ndinatchena chitenje ndi duku. M'chipinda chosinthira zovala tinalimo awiri, ndipo ndinatulutsa nsaluyo m'jumbo ndikumwetulira mpaka m'makutu. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Ndinamuuza kuti zalembedwa kale pakhomo, anthu akudikira. Ndinayamba kumukulunga motsatira chithunzi, koma ndinkasokoneza. Anandichotsa manja pang'onopang'ono. Anazunguliza nsaluyo kukhwapa, kupinda, kumanga phewa ili, kumanga linalo, kukoka lamba. Sanayang'ane pagalasi n'kamodzi komwe.

"Ndiye umabisa luso!" ndinatero.

"Ndinaphunzira ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri," anayankha. "Ukapita kumsika usanavale chonchi, apolisi ankakugwira."

Anafotokoza akukonza mapindo, mawu ake osakwera. Iye sanali wa kumapiri a m'buku langa. Anabadwira kum'mwera, kuchigwa kotentha, kumene bambo ake ankalima mpunga ndi malalanje. Anthu akumeneko ambiri ndi Ahindu, amalankhula Chinepali, ndipo akazi ankavala zopepuka zakezake. Ndiye boma linalamula kuti dziko lonse lizivala mofanana, zovala za anthu akumpoto. Chilankhulo chawo chinachotsedwa m'sukulu. Kenako kunabwera kalembera, n'kuyamba kufunsa mapepala akalekale otsimikiza kuti munthu ndi nzika.

"Bambo anawaitana kuofesi," anatero. "Anasaina kuti tikuchoka mwakufuna kwathu. Atasaina anawajambula chithunzi. Wojambulayo anawauza kuti amwetulire."

Anakulira mumsasa wa othawa kwawo ku Nepal, m'nyumba yansungwi. Bambo akewo anamwalirira komweko. Iye anafika ku London chifukwa cha ukwati. Pa chisankho chimene ine ndinkachitamacho, mayi ake analibe voti, chifukwa anali adakali mumsasa.

"Nsalu imeneyi ndinaivala komaliza tsiku lokwera lole yotichotsa m'dzikomo," anatero. "Ndinaivulira pamalire."

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti nkhani imeneyi sinali yachilendo kwa ine. Ndili mwana ankatitulutsa m'kalasi kukandanda kumsewu pulezidenti akamabwera, amayi athu atavala nsalu yachipani, akuvina kuyambira m'mawa ndi njala. Mkazi kuvala buluku unali mlandu. Moyandikana nafe munali banja la mpingo wina umene unkakana kugula makadi achipani. Nyumba yawo inatenthedwa, iwo n'kuthawira ku Mozambique, ndipo mwana wawo amene ndinkasewera naye fulaye sindinamuonenso. Ine ndinkadziwa bwino lomwe kuti chovala chokakamiza chimalemera bwanji. Koma za dziko la mnzanga ndinakhulupirira buku, mwiniwake ndili naye tsiku ndi tsiku.

Pamenepo manijala anagogoda. "Atsikana, tikudikira inu!"

Apa ndiye pagona manyazi anga enieni. Kusoka nsaluyo unali umbuli, ndipo umbuli munthu amakhululukidwa. Koma tsopano ndinali nditamva zonse. Mawu oti "vula, tiye ndi yunifolomu" anali pakamwa penipeni. Iye anandiyang'ana, ndipo ndikhulupirira kuti ankawadikira. Ine ndinaganiza za chikwangwani chija. Ndinaganiza za anthu onse amene ndinawauza, ndi mnzanga wa ku Zambia amene adzanene kuti anandichenjeza. Pakamwa panga, pothamanga paja, panatsekeka. Ndinatambasula dzanja n'kumuwongolera chomangira cha paphewa chimene chinapendekeka.

Tinatuluka. Agogo anaomba m'manja, ena akugwira nsaluyo n'kumafunsa ngati kwawo kumagwa chipale chofewa. Manijala anauza anthu kuti ameneyu akuchokera kudziko la anthu osangalala, mawu amene anawamva kwa ine. Kenako anatiimika awirife pafupi ndi zenera, n'kukweza kamera.

"Mwetulirani," anatero.

Mnzanga anamwetulira. Inenso ndinamwetulira.

Phwando litatha ndinapeza nsaluyo pamwamba pa chikwama changa, itapindidwa bwinobwino, zomangira zili pamwamba. Iye anali atapita kale kukakwera basi.

Chithunzicho anachipachika m'khonde, pafupi ndi chipinda cha mankhwala, ndipo ndinkachidutsa kangapo pa shifiti iliyonse. Patapita milungu iwiri ndinalimba mtima n'kumupepesa tikutsuka makapu. Ndinapepesa za kusoka nsalu osamufunsa. Za kukhala chete kuja sindinazitchule, ndinalephera. Anati palibe kanthu, ndipo anandipatsira thaulo.

Tinagwira ntchito limodzi chaka china chathunthu. Sanandikwiyire poyera, sanandinene kwa munthu. Tinkanyamula agogo limodzi monga kale, iye kumiyendo, ine kumapewa. Kambuzi ndikamupatsa ankalandira. Koma kuyambira Lolemba lotsatira phwando lija, akandifuna kumapeto kwa khonde ankandiitana ndi dzina lolembedwa pabaji yanga, monga ankachitira wina aliyense.