A Ezeliya ndi Mawu a M'chigafa

Kwathu kuno ku Kabudula, mayi akayambitsa nyimbo anzake n'kuvomera, nyimboyo imakhala yake ngakhale anaipeka wina. A Ezeliya akhala akuyambitsa nyimbo kuyambira ali mtsikana. Pa chimtali, pa ukwati, pa Pasaka kutchalitchi, amayi ankayamba ayang'ana kukamwa kwawo asanaombe m'manja. Munda wawo unali wamchenga, mbuzi analibe, amuna awo anamwalira ana akadali aang'ono. Chimene anatsala nacho ndi mmero.

Sukulu itakhala yaulere, ana anasefukira. Ena ankaphunzirira pansi pa mkuyu, bolodi atalikoleka panthambi. Makolo anagwirizana zoumba njerwa zomangira mdadada wa makalasi, ndipo a Ezeliya anawasankha kulowa m'komiti ya sukulu. Chilimwe chonse amayi ankatunga madzi kudambo, abambo akuponda dothi, nyenje zikuboola makutu. A Ezeliya ankayambitsa nyimbo ndowa ili pamutu.

Kutsidya kwa dambolo kunali esiteti ya fodya. Chaka chimenecho kunabwera matenanti atsopano, ndipo mkazi wa mmodzi mwa iwo anali Loyce wa ku Phalombe, wowonda, wosayankhulayankhula. Mwana wake anali atalembetsa sukulu, choncho naye ankabwera ndi ndowa yake. Tsiku lina a Ezeliya atapumira kuti ameze malovu, Loyce anaitola nyimboyo pomwe inagwera, naikweza pamene a Ezeliya anali asanafikepo chibadwire. Abambo anaika zikombole pansi. Amayi anavomera ngati akhuta.

Mawuwo a Ezeliya akanawapirira. Chinawabaya ndi kavomeredwe kaja.

"Mwanayu ali ndi mawu, eti?" anatero a Getrude, mnzawo wa paubwana, ali panjira yobwerera.

"Ali nawo. Nkhanganso ili nawo."

"Iii, anaBanda! Nsanje pamsinkhu uno?"

"Nsanje ya chiyani? Ine munthu wadzulodzuloyu ndimuchitire nsanje? Yendani, dzuwa likuotcha."

Loyce akanakhala wamwano bwenzi zinthu zitaphweka. Koma ankagwada popereka moni, ankawatchula kuti amayi, tsiku lina anawabweretsera nandolo wochokera kwawo. A Ezeliya anamuphika, nadya, nakwiya kuti anali wokoma.

Njerwa zikupsa mu uvuni, Loyce anapeka nyimbo yotsanzika mkuyu: ana akuuza mtengo kuti tsala bwino, ife talowa m'nyumba. Amayi anaigwira tsiku lomwelo. Chapakati pake panali pokwera. Mvula yoyamba itagwa, a Ezeliya ankayesa pamenepo ali okha kumunda, khasu lili m'manja, atayang'ana kaye uku ndi uku. Mawu ankafika pakhosi n'kuthyoka.

Mdadada unatha mu Januwale, malata ali ngwee. Koma ana sakanalowamo abambo mfumu asanaudalitse ndi alendo a ku ofesi ya maphunziro asanautsegule. Pamsonkhano wa komiti, ahedi, a Harold, anati mwambo uchitike mu Meyi, misewu itauma.

"Ndipo nyimbo ija ya mkuyu," anatero, "adzayambitse mwini wake, mayi wa kuesiteti uja. Alendo adzamve kuti kuno kuli anthu."

A Ezeliya anakonza duku lawo. "Ahedi, mwati Meyi? Ana azinyowa pansi pamtengo mpaka Meyi, nyumba ili apa yotseka? Dzana ndinawaona akuthawa mvula, makope atabisa m'malaya. Titsegule mwezi wamawa."

Palibe anatsutsa, poti zinali zoona. Abambo ena mpaka anaomba m'manja. A Getrude okha ndiwo anawayang'ana mnzawoyo cham'mbali, chifukwa aliyense woleredwa kuno amaudziwa Febuluwale. Ndi mwezi umene fodya amapsa. Tsamba lothyola m'mawa liyenera kusokedwa ndi kupachikidwa m'chigafa tsiku lomwelo, ndipo kapitawo salola tenanti kuchoka. Ngakhale kumaliro amachita kugwada popempha.

Tsikulo mvula inakata m'mamawa. Chimanga chinali chitamasula, udzu ukununkhira chinyezi. Galimoto ya alendo inatitimira pamlatho, abambo anakaikankha, inafika yonse matope. A Ezeliya anaima kutsogolo kwa amayi, wezulo ali pakhosi, Loyce kulibe. Anayambitsa nyimbo ya mkuyu, pokwera paja anapatsitsa mwaluso, ndipo inayenda bwino. Nthungululu zinamveka. Mtima wawo unakhala pansi koyamba chiyambire chilimwe.

Kenaka mlendo wamkulu anaimirira kuti ayankhule, anthu anakhala chete, mphepo inatembenuka n'kuyamba kuchokera kudambo.

Loyce anali atamva ng'oma. Ali m'chigafa, singano m'manja, anayambitsa nyimbo yake, ndipo mawuwo anaoloka dambo osataya kanthu panjira. Anaimba mzere wa woyambitsa n'kusiya mpata wa ovomera. Mpatawo unakhala wopanda munthu. Anabwerezanso. Mayi wina kumbuyo anavomera chapansipansi, anzake awiri anamuthandiza, kenaka onse, atakhala pansi pomwepo, nkhope zitaloza kutsidya. Pokwera paja panakwera.

Mlendo anatsitsa pepala lake. "Ahedi, kodi kwaya inayi mwaibisa kuti?"

Anthu anaseka. A Harold anawerama n'kumufotokozera, mlendoyo akugwedeza mutu.

A Ezeliya anaimirira, naika wezulo pakamwa, namuliza kamodzi mwamphamvu monga amachitira podula gule. Amayi anadukiza pakati pa liwu, pakuti wezulo wa a Ezeliya sanamukanepo.

"Alendo akuyankhula," anatero. "Ulemu, azimayi."

Zinalinso zoona. Mlendo anapitiriza, koma kutsidya kuja kunalibe amene anamva wezulo. Loyce anaimbabe yekha, akusiya mipata, mpaka mphepo inabwerera kwina.

Ana analowa m'kalasi m'mawa mwake, mvula ikugunda malata. Fodya atagulitsidwa, masamba a mkuyu akuyoyoka, banja la Loyce linasamukira kuesiteti ina cha ku Mchinji. Asananyamuke, Loyce anadzatsanzika, anagwada pakhomo. A Ezeliya anamupatsa mtedza m'kathumba, namuuza kuti ayende bwino, maso ali pa nkhuku zawo.

Mpaka lero ndiwo amayambitsa. Imvi zadzaza, mdadada uja wang'aluka pakona ndipo pamangidwa ina iwiri. Sukulu ikamatsekera, nyimbo ya mkuyu siilephera, ngakhale atsikana ambiri oivomera sanamuonepo Loyce. Chaka chathachi poyeserera, atafika chapakati, a Getrude anaimika dzanja.

"AnaBanda, paja pamenepa pamakwera."

"Pakwere ndani?" anatero a Ezeliya. "Vomerani, nthawi ikutha."