Msoko Wachilendo M'majekete a Telala

A Telala anasoka zaka makumi anayi m'kachipinda kamodzimodzi, ka zenera limodzi loyang'ana kumsewu. Choko sichinkachoka kuseri kwa khutu lawo, moti anthu ankati imvi zawo zinayambira pamenepo. Chuma chawo chenicheni chinali dzina. Aliyense wolowa ankamuuza akumuyeza mapewa kuti, "Jekete losokedwa muno silinabwererepo."

Tsidya la msewu kunali mayi wina wamasiye, wosita zovala, wosachulutsa mawu. Jekete lililonse likatha linkapita kwa iwo kukasitidwa mwini wake asanalitenge.

Tsiku lina a Telala akupachika jekete lochokera kositidwa, chala chawo chinagunda msoko wa m'munsi mwa nsalu ya m'kati. Sunali wawo. Iwo ankasoka mopendekera, koma uwu unali wowongoka, waung'ono ngati mapazi a nyerere. Anatembenuza jekete lachiwiri, lachitatu. Chimodzimodzi. Mtima unangoti phaa!

"Mayi uja akumasula ntchito yanga," anauza akazi awo masana. "Dzana ndinamuona akuseka ndi telala wa pakona uja, wa makina a magetsi. Agwirizana kuti andiwonongere dzina."

"Ndiye wakuwonongani zaka zingati, anthu osadandaula?" anatero akazi awo. "Bwanji osakangomufunsa, bambo?"

"Mbala saifunsa. Amaitchera."

Anatcheradi. Pa jekete lotsatira anabisa kamfundo ka ulusi wofiira mkati mwa msoko. Litabwera, kamfundo kaja kanalibe. Kuyambira pamenepo anasuntha makina awo n'kuwaika pafupi ndi zenera, diso limodzi pa singano, lina tsidya. Mayiwo akapereka moni wa m'mawa, a Telala ankausanthula moniwo mpaka madzulo.

Ndiye panabwera jekete la aphunzitsi ena, kasitomala wawo wakale. Ili sanalitumize. Analisita okha ndi simbi ya kunyumba, nalipereka likuwala.

Patatha masiku anayi aphunzitsi aja anatulukira pakhomo, jekete lili pamkono.

"Pepani madala, koma taonani apa."

M'munsi monse munali mutakwinyika ngati nkhope ya munthu wolawa mankhwala owawa. A Telala analandira jeketelo. Aphunzitsi atangochoka, anawoloka msewu dzuwa lili paliwombo, choko chili kukhutu.

Anapeza mayiwo akuwaza madzi pa malaya a munthu wina.

"Mayi, mwakhala mukugwira misoko yanga."

"Eya, bambo. Chaka chachitatu chino."

A Telala anayembekezera kuti akana. Kuvomera kumeneku kunawasowetsa pogwira.

"Anakutumani ndani? Wa pakona?"

Mayiwo anaseka mpaka anaika simbi pansi. "Ameneyo? Amene amasoka thumba la buluku lolowa zala ziwiri? Ayi bambo. Inandituma ndi nsalu. Nsalu ya m'kati imene mukugula masiku ano si ya kale ija. Ikamva moto imabwerera, yakunja osabwerera, ndiye zimakokana. Ine ndimamasula m'munsi, ndisite, kenako nditseke mosiya kampata."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Ndinayesapo. Munandiyankha kuti munayamba kugwira lumo ine ndisanamere mano."

Anakumbukira. Mawuwo anali awodi, ndipo anawanena pamaso pa anthu.

"Ndiye inu mupindulanji?" anafunsabe, maso ali tcheru.

"Dzina lanu likagwa, ine ndisita majekete a yani?"

A Telala sanakhutire msanga. Munthu amene wakhala mwezi akuweta chikayiko sachitaya ngati madzi otsukira mbale. Anabwerera kwawo, nadula kachidutswa ka nsalu ya m'kati ija, nakayeza ndi tepi kawiri, nalemba muyeso pachikhatho. Kenako anawolokanso, jekete la aphunzitsi lili pamkono.

"Sitani ndikuona. Musakatembenuze."

Mayiwo anawaza madzi, nagoneka simbi. Nthunzi inakwera. A Telala anayezanso. Kachidutswa kaja kanali katafupika ndi mulifupi mwa chala chamkombaphala. Anabwerezanso kuyeza, nayang'ana tepiyo ngati nayonso yagulidwa ndi wa pakona.

Anakhala pa benchi la makasitomala a mayiwo, pamene anali asanakhalepo chiyambire. Anakhala nthawi, akutembenuza jekete la aphunzitsi pamaondo.

"Kampata mukunenako," anatero pomaliza, mawu ali pansi, "kamakhala kotalika bwanji?"

"Bweretsani kuno. Koma mugwire singano ndinu, ine ndingoloza."

Jekete lija linabwerera kwa mwini wake lili myaa, msoko wake wopendekera monga kale, kampata kobisika kali m'munsi. Kuchokera tsikulo nsalu ya m'kati inkawoloka msewu kukasitidwa isanaone lumo. Nthawi zina a Telala ankawoloka nayo, akuti akukaonetsetsa kuti mayiwo sakuwabera njira zawo, koma pobwera ankakhala atatola kena.

Poyeza mapewa a anthu, mawu aja anasintha pang'ono. Ankati, "Muno linabwererapo jekete limodzi lokha." Munthu akafunsa kuti linatani, ankaloza tsidya ndi choko, nati, "Ndi lokhalo limene silinadzere uko."